Waya Wopita mu Ubongo

(NYIMBO YOTSEGULIRA. ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO.)

WOULUTSA:

 Ino ndi nthawi ya pulogalamu yathu ya zaumoyo. Amene muli pamoto pitirizani kuvundula, ine mungondibwereka makutu.

Nkhani ya lero itifikitsa kutali, ku France, ku Canada ndi ku America, mpaka m'chipinda cha opaleshoni mmene madokotala amaboola chigaza cha munthu ali maso, n'kulowetsa waya mu ubongo wake pofuna kuchiza matenda ovutika maganizo. Koma tisananyamuke, ndiloleni ndiyambire pakhonde la azakhali anga.

Azakhali anali mayi wa chintchito. Tambala woyamba akamalira ankakhala atasesa kale bwalo, ndipo pamaliro kapena paukwati mawu awo ndi amene ankamveka kuchokera kumafuwa. Chaka china anangoyamba kuzirala. Panalibe maliro, panalibe ngongole, munda unali utabereka bwino. Tsiku lina ndinawapeza pakhonde dzuwa lili paliwombo, lichero la mpunga lili pamiyendo, nkhuku ziwiri zikujompha m'lichero momwemo. Iwo ankangoziyang'ana. Dzanja silinanyamuke n'komwe kuti lizipirikitse. Ndinagwada pambali pawo n'kufunsa kuti, "Azakhali, pakupweteka ndi pati?" Panapita nthawi asanayankhe. Kenako anati, "Mwana wanga, palibe pamene pakupweteka. Kungoti zonse zili kutali. Ngakhale iweyo uli kutali."

M'mudzi munamveka zambiri. Ena anati awalodza, ena anati n'kuganiza kwambiri, ena monong'ona anati ndi ulesi. Titawatengera kuchipatala anapatsidwa mapiritsi ndi tsiku lobwerera, ndipo patatha miyezi iwiri kapena itatu tinamvanso mawu awo akudzudzula ana pachitsime. Azakhali anachira. Anthu ambiri odwala matendawa akalandira thandizo amachira, ndipo mfundo imeneyi muigwiritse, chifukwa zonse zimene ndinene kutsogoloku zikukhudza kagulu kochepa ka anthu amene thandizo la masiku onse lawakanika.

Matendawa, amene kuchipatala amati depression, si kukhumudwa kwa tsiku limodzi, komanso si chisoni cha namfedwa chimene chimaphwa masiku akamapita. Munthu amatha masabata ndi miyezi osamva kukoma kwa chilichonse. Tulo timasokonezeka, chakudya sichilowa, thupi limalemera ngati wasenza thumba la simenti, ndipo mutu umangomuuza usana ndi usiku kuti iye ndi wachabechabe. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 280 miliyoni anali ndi matendawa.

Ku America kunachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa STAR*D, wa odwala pafupifupi 4,000, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2006. Wodwala akapanda kuchira ndi mankhwala oyamba ankamusinthira ena kapena kumuwonjezera, mpaka kanayi. Ofufuzawo anawerengera kuti pambuyo pa maulendo onse anayiwo, munthu mmodzi mwa atatu aliwonse anali asanachirebe. Kwa otere pali thandizo lina lakale, la ECT, lodutsitsa magetsi m'mutu wodwala atagonetsedwa tulo, limene linayambira ku Rome mu 1938. Anthu amaliopa chifukwa cha mmene limaonekera m'mafilimu, koma lapulumutsa miyoyo yambiri. Komabe alipo ena amene ngakhale ECT imawakanika. Amwa mankhwala a mitundumitundu, ayenda kwa alangizi zaka ndi zaka, ntchito anasiya kalekale, ena ayesapo kale kudzipha. Nkhani ya waya ndi ya anthu amenewa.

Njirayi sinayambire pa matenda a maganizo ayi. Inayambira pa manja onjenjemera. Mu 1987, mumzinda wa Grenoble ku France, kunali dokotala wa opaleshoni ya ubongo dzina lake Alim-Louis Benabid. Masiku amenewo munthu wonjenjemera kwambiri ankathandizidwa powotcha kachigawo kakang'ono mkati mwa ubongo. Asanawotche, dokotala ankayamba wayesa malowo ndi magetsi ochepa kuti atsimikize kuti wafika poyenera. Benabid anaona kuti akafulumizitsa magetsiwo kuti azigunda maulendo pafupifupi 100 kapena kuposerapo pa sekondi imodzi, dzanja la wodwala linkangoti zii, osanjenjemeranso. Akazimitsa, kunjenjemera kunkabwerera. Ndiye anadzifunsa kuti, nanga kuwotcha n'kwa chiyani? Bwanji osangosiya wayayo momwemo, aziyaka?

Umo ndi mmene inabadwira deep brain stimulation, mwachidule DBS. Bungwe lovomereza mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, la FDA, linailoleza mu 1997 pa matenda onjenjemera, ndipo mu 2002 pa matenda a Parkinson. Lero anthu oposa 150,000 padziko lapansi anaikidwa waya wotere, ambiri mwa iwo chifukwa cha Parkinson. Pa matenda amenewo palibenso mkangano, njirayi imagwira ntchito.

Tsopano tibwere kwa dokotala wa ubongo wa ku America, mayi Helen Mayberg. M'zaka za m'ma 1990 iye ankajambula ubongo wa anthu ndi makina otchedwa PET, amene amaonetsa mbali zimene zikugwira ntchito kwambiri ndi zimene zazirala. Anapempha anthu abwinobwino kuti ali m'makinamo akumbukire chinthu chimene chinawasweratu mtima pa moyo wawo. Chisoni chikawagwira, kachigawo kena kakang'ono kankayaka. Anajambulanso odwala depression amene ankamwa mankhwala a fluoxetine. Mwa amene anachira, kachigawo komweko kankazirala. Mwa amene sanachire, sikankasintha chimodzimodzi.

Kachigawoka kali mkati mwenimweni, kuseri kwa mphumi, kamodzi kumanzere kena kumanja, ndipo dzina lake ndi Dera 25. Nambalayo inachokera kwa katswiri wa ku Germany, Korbinian Brodmann, amene mu 1909 anagawa ubongo m'madera n'kuwapatsa manambala ngati mapuloti a m'tauni. Dera 25 ndi laling'ono, koma lili ngati depoti ya mabasi. Misewu yochokera pamenepo imakafika ku mbali zoyang'anira tulo, njala, kukumbukira, mantha, ndi chikhumbo chofuna kudzuka n'kuchita kanthu, zomwe ndi zinthu zimene zimasokonezeka munthu akadwala depression.

Taganizirani njinga ya kabaza imene buleki yake yagwira osabwerera. Mnyamata apalase chotani, thukuta kamukamu, njinga ikungokwekwereza. Wodutsa m'njira anganene kuti mnyamatayo ndi waulesi kapena wadya zosakhuta, pamene vuto lili pa kamphira kamene kakanirira pa limu. Mayberg anaganiza kuti mwa odwala amene mankhwala awakanika, Dera 25 ndi buleki yokanirirayo. Ngati magetsi akutha kukhazika pansi dera lochititsa dzanja kunjenjemera, bwanji asakhazike pansi dera limeneli? Panthawiyo anali atasamukira ku Toronto, ku Canada, kumene anagwirizana ndi dokotala wa opaleshoni Andres Lozano ndi dokotala wa matenda a maganizo Sidney Kennedy. Wodwala woyamba anamuchita opaleshoni mu 2003.

Tiyeni tilowe m'chipindamo.

M'mawa wodwala amamuveka chitsulo chozungulira mutu, chomangidwa ndi timisomali tofika pa fupa, khungu atalibaya jakisoni wa dzanzi. Chitsulocho chili ndi manambala ngati rula, ndipo akamujambula ndi makina a MRI atachivala, madokotala amatha kuwerengera pamene akufuna kufika mpaka pa milimita. Kenako amaboola mabowo awiri pamwamba pa mutu, lililonse laling'ono kuposa ndalama yachitsulo. Wodwala amamva phokoso la chobooleracho, amamva kunjenjemera mpaka m'mano, koma ululu ayi. Ubongo, ngakhale ndi umene umatiuza kuti chala chapsa, iwo wokha sumva kupweteka ukakhudzidwa. N'chifukwa chake munthu akhoza kukhala maso, akuyankhula ndi anamwino, waya akutsika pang'onopang'ono m'mutu mwake.

Wayayo ndi wowonda kuposa kamtengo ka machesi, ndipo kunsonga kwake kuli timphete tinayi tachitsulo totulutsa magetsi. Madokotala amayatsa kamphete kamodzi n'kufunsa kuti, mukumva bwanji? Nthawi zina amangonamizira kuyatsa, kuti aone ngati wodwalayo akungoyankha zowasangalatsa. Zimene odwala oyambawo ananena zinalembedwa mu lipoti limene linatuluka mu 2005 m'magazini ya asayansi yotchedwa Neuron. Ena anati bata lawagwera mwadzidzidzi. Ena anati thupi lapepuka. Ena anati dzenje lopanda kanthu limene linali mkati mwawo lasowa. Ena anati m'chipindamo mwawala, mitundu ya zinthu yayamba kuoneka bwinobwino, ndipo ayamba kumva kuti ali pamodzi ndi anthu amene awazungulira. Magetsi akazimitsidwa, zimenezi zinkachoka.

Nditawerenga zimenezi koyamba ndinaika pepala pansi. Ndinakumbukira azakhali pakhonde paja akundiuza kuti ndili kutali, ine nditagwada pambali pawo penipeni. Mayi wa kumudzi kwathu ndi odwala a ku Toronto sanaonanepo, koma ankafotokoza mtunda womwewo. Ndipo mumvetsetse, omvera, chimene odwalawa ankanena si chimwemwe cha munthu amene wapata mwayi, kapena cha woledzera. Ankanena za kuchoka kwa chinthu cholemera chimene chinawapsinja zaka zambiri.

Gawo lomaliza la opaleshoni limachitika wodwala atagonetsedwa. Mawaya amadutsa pansi pa khungu, kuseri kwa khutu, kutsika m'khosi, mpaka pachifuwa, pamene amaikapo kabokosi ka batire kofanana ndi kamene amaika odwala mtima. Kabokosiko kamatumiza magetsi maulendo pafupifupi 130 pa sekondi, usana ndi usiku, ndi mphamvu yosasiyana kwenikweni ndi ya mabatire atatu a tochi. Dokotala amatha kukweza kapena kutsitsa mphamvuyo ndi kachipangizo kogwira m'manja, osang'ambanso khungu.

Odwala oyambawo anali asanu ndi mmodzi, onse amene thandizo lina lililonse linawakanika. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, anayi anali atapeza bwino kwambiri. Nkhaniyi inamveka dziko lonse.

(NYIMBO PANG'ONO.)

WOULUTSA:

Ngati mwangotsegula kumene wailesi, tikukamba za opaleshoni yoika waya mu ubongo kwa odwala depression amene mankhwala awakanika.

Si onse amene anaombera m'manja mu 2005, ndipo amene anachita mantha anali ndi chifukwa. Madokotala anayamba alowapo kale m'mitu ya odwala maganizo, ndipo anasiya misozi. Mu 1935 ku Lisbon, dokotala Egas Moniz anayambitsa opaleshoni yodula mitsempha ya kutsogolo kwa ubongo, ndipo mu 1949 anapatsidwa mphoto ya Nobel. Ku America, Walter Freeman anaifewetsa mpaka kumalowetsa chitsulo chosongoka pamwamba pa diso n'kuchigwedeza, ndipo ankayenda chipatala ndi chipatala akuchita zimenezi kwa anthu ambirimbiri. Mmodzi mwa anthu amene anachitidwa opaleshoni ya mtundu umenewu, yotchedwa lobotomy, anali Rosemary Kennedy, mlongo wake wa John F. Kennedy amene anadzakhala pulezidenti. Zinachitika mu 1941 ali ndi zaka 23. Anatuluka osatha kuyankhula bwino kapena kuyenda bwino, ndipo moyo wake wonse wotsala anakhala wosamalidwa ndi ena. Anthu ambiri otere sanafunsidwe n'komwe ngati akufuna.

DBS ndi yosiyana ndi lobotomy. Cholinga chake si kudula kapena kuwotcha, magetsi akhoza kuzimitsidwa, waya akhoza kuchotsedwa, ndipo wodwala amayenera kuvomera yekha atauzidwa zonse. Koma wolumidwa ndi njoka amaopa ngakhale chingwe, ndipo pa nkhani iyi manthawo ndi abwino. Ndi amene anachititsa kuti njirayi iyesedwe mosamala m'malo mongoyamba kuigulitsa.

Kuyesa kwake kumakhala kotere. Odwala onse amaikidwa waya, koma ena amawayatsira, ena osawayatsira, ndipo wodwala ngakhale dokotala womuyeza sadziwa kuti ndani ali mbali iti. Chifukwa chake n'chakuti chiyembekezo pachokha chimachiza pang'ono. Munthu amene wabooledwa mutu, madokotala akumuyendera sabata ndi sabata, akhoza kupezako bwino ngakhale batire lili lozima.

Kampani ya St. Jude Medical inayambitsa kafukufuku wotere mu 2008, dzina lake BROADEN. Analowamo odwala 90, ndipo 60 anawayatsira, 30 sanawayatsire. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, mwa oyatsiridwa amene anapeza bwino anali 20 pa 100 aliwonse, mwa osayatsiridwa anali 17 pa 100. Kusiyana kwake kunali kosaoneka. Mu 2013 kampaniyo inasiya kulemba odwala ena. Kafukufuku wina wa kampani ya Medtronic, wotchedwa RECLAIM, wa odwala 30 amene waya anaikidwa pa dera lina, nayenso sanaonetse kusiyana patatha masabata 16. Ambiri anati basi, nkhani yathera pomwepo.

Koma odwala aja anali akadali ndi mawaya m'mutu. Ambiri a mu BROADEN anapitiriza, tsopano onse atawayatsira, ndipo madokotala anapitiriza kuwayeza. Patatha chaka chimodzi amene anapeza bwino anali 29 pa 100. Patatha zaka ziwiri anali 49 pa 100, pafupifupi theka, ndipo mmodzi mwa anayi aliwonse analibenso zizindikiro za matendawa. Awa ndi anthu amene, tikawerengera onse pamodzi, anali atadwala mosalekeza zaka pafupifupi 12 asanachitidwe opaleshoni. Ku yunivesite ya Emory mumzinda wa Atlanta, kumene Mayberg anasamukira, odwala 28 anatsatiridwa mpaka zaka zisanu ndi zitatu, ndipo lipoti la 2019 linaonetsa kuti kuyambira chaka chachiwiri, theka kapena kuposerapo ankakhalabe bwino chaka ndi chaka.

Apa ndi pamene pagona mkangano mpaka lero. Okayikira amati manambala a zaka ziwiriwo alibe gulu loyerekezera nalo, ndiye mwina ndi nthawi chabe imene yachiza, kapena chisamaliro. Mfundo yawo ndi yomveka, sitingaitaye. Ine maganizo anga amapendekera mbali inayo, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Munthu amene wakhala zaka 12 m'chipinda chotseka makatani sanangotaya chimwemwe chokha. Ntchito inapita. Mwina banja linatha. Anzake anatopa kugogoda pakhomo. Ana anakula iye osawaona. Thupi linazolowera kugona. Mukamumasulira buleki lero, mawa sadzuka ali munthu wa kale uja. Njinga imene buleki yamasuka siyenda yokha, imafuna wopalasa, ndipo miyendo imene yakhala zaka 12 osapalasa imayamba yaphunziranso. Madokotala amene akhala ndi odwalawa amanena zomwezi, kuti pambuyo pa opaleshoni pamafunika uphungu, pamafunika kuzolowera pang'onopang'ono kutuluka panja, kuphika, kukumana ndi anthu, ngakhale kuphunzira kuti kukhumudwa kwa tsiku limodzi si kubwerera kwa matenda. Kuyeza zonsezi pa miyezi isanu ndi umodzi kuli ngati kufukula chinangwa chili ndi miyezi itatu n'kunena kuti mbewuyo ndi yosabereka. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chinthu china chimene anatulukira ndi cha malo enieni oika waya. Poyamba ankalunjika pa Dera 25 monga limaonekera pa chithunzi. Kenako gulu la ku Emory, mmodzi mwa iwo dokotala Patricio Riva-Posse, linabwereranso ku zithunzi za odwala akale ndi njira yatsopano yoonetsa mitolo ya mitsempha yolumikiza madera a ubongo. Anapeza kuti amene anachira, magetsi ankakhudza mphambano imene mitolo inayi imakumana. Amene sanachire, waya ankaphonya mtolo umodzi kapena iwiri, nthawi zina ndi mamilimita ochepa chabe. Ndipo mphambanoyo sikhala pamalo amodzimodzi mwa munthu aliyense, monga mmene mizere ya m'manja mwathu imasiyanirana. Atayamba kujambula mapu a wodwala aliyense payekha asanamuchite opaleshoni, anayesa pa odwala 11, ndipo patatha chaka 9 anali atapeza bwino. Ndi anthu ochepa, komanso onse ankadziwa kuti awayatsira, koma zinasonyeza kumene kafukufuku wamkulu uja ayenera kuti anaphonya.

Kwina nako sanagone. Ku Germany, Thomas Schlaepfer ndi Volker Coenen anayesa mtolo wina wa mitsempha wokhudza chikhumbo ndi kukoma kwa zinthu. Ku Amsterdam madokotala anayamba apatsa odwala nthawi yaitali yosinthira mphamvu ya magetsi mpaka itakhala bwino, kenako n'kumazimitsa ndi kuyatsa odwalawo osadziwa, ndipo lipoti lawo la 2016 linaonetsa kuti magetsi akazima matenda ankabwerera.

Ku San Francisco, malinga ndi lipoti la 2021, madokotala Katherine Scangos, Edward Chang ndi Andrew Krystal anachita china chosiyana kwa mayi wina wa zaka 36. Anamuika mawaya osakhalitsa m'madera angapo kwa masiku khumi, akumvetsera ubongo wake ndi kuyesa dera lililonse. Anapeza kuti matenda akamamukulira, kachigawo kokhudza mantha kotchedwa amygdala kankatulutsa chizindikiro chodziwika. Ndiye anamuika kachipangizo kokhala ndi waya mmodzi womvetsera ndi wina woyankha. Chizindikiro chija chikangomveka, kachipangizoko kamatumiza magetsi kwa masekondi asanu ndi limodzi okha, n'kusiya. Mayiyo anapeza bwino msanga ndipo anakhalabe bwino kupitirira chaka. Ndi munthu mmodzi, ndikubwereza, munthu mmodzi. Sitingamange nyumba pa njerwa imodzi.

(NYIMBO PANG'ONO.)

WOULUTSA:

Ndisakubisireni zoopsa zake. Kuboola chigaza ndi kulowetsa chinthu mu ubongo kungaphulitse mtsempha wa magazi, ndipo ngakhale sizichitika kawirikawiri, zikachitika munthu akhoza kufa ziwalo kapena kumwalira. Bala likhoza kulowa tizilombo mpaka kuchotsa zonse n'kuyambiranso. Waya amaduka. Batire limatha, ndipo likatha pamafunika opaleshoni ina yosintha, pokhapokha ngati ndi la mtundu wotchaja. Magetsi akakhudza polakwika munthu akhoza kusowa tulo, kukhala ndi nkhawa, kapena kutakasuka mopitirira muyeso. Ndipo pa kafukufuku wosiyanasiyana, odwala ena anadzipha ali ndi waya m'mutu. Matendawa ndi akupha, ndipo waya sawateteza onse.

Pali vuto linanso limene limandiwawa mtima kwambiri. Kafukufuku amatha, ndalama zake zimatha, koma munthu amatsala ndi chipangizo m'thupi. Popeza pa depression njirayi sinavomerezedwe ngati thandizo la masiku onse, makampani a inshulansi ku America akhoza kukana kulipira. Ndiye batire likatha alipire ndani? Dokotala wodziwa kulisintha amupeza kuti? Munthu amene anapereka mutu wake kuti ena aphunzirepo sayenera kutsala yekha kuyang'ana batire likutha, akudziwa mdima umene ukumudikira likazima. Ofufuza ndi makampani ali ndi ngongole kwa anthu amenewa ya moyo wawo wonse.

Ndikudziwa kuti wina kumeneko akufunsa kuti, achimwene, nanga ife kuno zitikhudza bwanji? Opaleshoniyi pa depression ikadali yoyeserera ngakhale m'mayiko olemera, ndipo palibe amene ayenera kugulitsa munda kuti akaifunefune. Munthu wina akakuuzani kuti ali ndi makina a magetsi ochiza maganizo mukalipira, musamupatse ndalama. Chimene nkhaniyi ikutipatsa ife ndi umboni. Ngati kukhudza malo ochepa ngati nsawawa mkati mwa mutu kungachititse munthu kunena kuti m'chipinda mwawala, ndiye kuti mdima umene ankaunenawo unali weniweni, wa m'thupi, ngati shuga kapena BP. Sanali ulesi, sikunali kuchepa kwa chikhulupiriro. Ndipo Dera 25 lomwelo Mayberg analiona likuzirala ndi mapiritsi a fluoxetine, mankhwala amene pamodzi ndi amitriptyline madokotala athu amalembera odwala. Mankhwalawa amatenga masabata angapo kuti ayambe kugwira, ndiye musawasiye pa sabata yachiwiri poti simukuona kusintha. Ngati m'bale wanu watha masabata awiri kapena kuposerapo ali ngati azakhali anga aja, mutengereni kuchipatala cha pafupi. Kuzipatala za maboma kuli ogwira ntchito ophunzira za matenda a maganizo, ndipo kuli zipatala zapadera monga cha ku Zomba ndi cha St John of God ku Mzuzu. Akayamba kuyankhula zofuna kufa, musamusiye yekha, chotsani mankhwala a mbewu ndi zingwe pafupi, ndipo mupite naye lero lomwe.

Tibwerere kwa ofufuza aja. Mu 2023, Mayberg, amene panthawiyo anali ku chipatala cha Mount Sinai ku New York, pamodzi ndi akatswiri a zamakina Christopher Rozell ndi Sankaraleengam Alagapan a ku Georgia Tech, anatulutsa lipoti m'magazini ya Nature. Odwala khumi anaikidwa chipangizo chimene chimatumiza magetsi komanso kujambula mmene ubongo ukugwirira ntchito. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, 9 anali atapeza bwino, ndipo 7 analibenso zizindikiro. Kompyuta itasanthula zojambulidwazo inapeza chizindikiro chosiyanitsa ubongo wodwala ndi ubongo umene wachira, ndipo chizindikirocho sichinkaoneka tsiku la opaleshoni. Chinkabwera patapita masabata ndi miyezi, mwa wina msanga, mwa wina mochedwa. Mwa wodwala mmodzi chinasowa kutatsala pafupifupi mwezi kuti matenda abwerere, madokotala asanazindikire kanthu. Anajambulanso nkhope za odwalawo pamene ankacheza ndi dokotala sabata ndi sabata, ndipo nkhopezo zinkamasuka motsatana ndi kusintha kwa ubongo. Aliyense amene anasamalirapo wodwala wotere amachidziwa chimenechi, tsiku limene nkhope ya m'bale wako yabwerera.

Kampani ya Abbott, imene inagula St. Jude Medical mu 2017, inayambitsa kafukufuku watsopano mu 2024, wotchedwa TRANSCEND. Akufuna odwala 100. Ulendo uno nthawi yoyerekezera magulu awiri aja si miyezi isanu ndi umodzi koma chaka chathunthu. Onse aikidwa waya. Theka awayatsira, theka adikira, ndipo chaka chikatha onse awayatsira. Taganizirani munthu amene wadwala zaka zambiri, wavomera kubooledwa mutu, wabwerera kunyumba ndi kabokosi pachifuwa, ndipo kwa miyezi 12 azidzuka m'mawa uliwonse osadziwa ngati kali koyaka kapena kozima. Wavomera zimenezo kuti yankho likadzatuluka lidzakhale loona.

Nthawi yathu yathera pamenepa. 

(NYIMBO YOTSEKERA.)